Chuku m'Magalasi a Bambo

Amuna anga anali ndi magalasi a asilikali oonera patali oti n'kudzaza dengu. Oyamba anawasiyira ndi amalume awo, amene anakamenya nkhondo ya azungu kutsidya kwa nyanja. Anali achitsulo, utoto utasupuka m'mbali, kulemera kwake ngati mwana wa mphero. Ena anagula kwa anthu a ku Mozambique amene ankagulitsa katundu pobwerera kwawo, ena anawatola pa salaula, pogulitsira zinthu zakale, kumsika wa Kapata. Penshoni ya uphunzitsi ikabwera, ine ndikuganiza za sopo, iwo akulowa ndi kachikwama kachikopa konunkha thukuta la munthu wosamudziwa. Ndinkalankhula mpaka kukhosi kuuma, koma kunali kulankhula ndi chitsa.

Ntchito yeniyeni ya magalasiwo inali ya kamodzi pachaka. Bambo a kunyumbawo anali Mngoni, komanso mkulu wa mpingo. Monga mkulu wa mpingo sankafuna kuoneka pabwalo la Ncwala, mwambo wa Angoni, ku Mtenguleni, pamene pali mowa ndi magazi a ng'ombe. Koma kuti Mngoni akhale pakhomo tsiku limenelo, mtima sukanalola. Ndiye anapeza chulu china m'mbali mwa munda wa chimanga, patali ndi bwalo, n'kumaonera pamenepo. Lamulungu lotsatira abusa akawafunsa mwanthabwala pakhomo la tchalitchi ngati anakavina, yankho linali limodzimodzi chaka ndi chaka: "Sindinapiteko, abusa. Ndinangoona." Wonyamula magalasi, ambulera ndi tiyi ndinali ine.

Magalasi akale amachita chuku nthawi ya dzinja, timizere toyera m'kati ngati ukonde wa kangaude. Bambo ankawamasula, kuwapukuta ndi sipiriti, kuwayanika pakhonde, kenako n'kuwatsekera m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi mpunga wanga kuti uyamwe chinyezi. Zimenezo ndinazizolowera. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti chaka china anayamba kudandaula za chuku mwezi wa Okutobala, kunja kuli gwa, fumbi lokhalokha.

Ndinatenga amodzi n'kuyang'anamo. Ndinaona zovala zoyanikidwa kudera la Nabvutika, ndinaona mbuzi paphiri.

"Bambo, magalasiwa ndi oyera," ndinatero.

"Inu mayi mumadziwa chiyani za magalasi?"

Anakagula ena. Amenewonso chuku. Pang'onopang'ono anayamba kugunda makapu patebulo, kuphonya sitepe ya kutchalitchi, kupereka moni kwa anthu olakwika. Baibulo anasiya kulitsegula, ati mavesi ali m'mutu. Ndikatchula chipatala nkhope inkasintha. Mnzawo wina anachitidwa opaleshoni ya maso n'kubwera osaona, ndipo nkhani imeneyo inawakhala pamtima.

"Wodwala ndi galasi, osati ine," ankatero.

Ndinatuma ana, ndinatuma abusa, ndinalira, ndinawanyanyala sabata yathunthu. Kenako ndinatopa. Munthu wamkulu sumunyamula kumsana. Ndinkangochotsa mipando m'njira mwawo, n'kumaona mpunga wanga ukutha.

Ncwala itakwananso tinakwera basi monga mwa nthawi zonse. Kuchuluko ndinawagwira dzanja ngati ndikuopa kuterereka ndine. Kubwalo nyimbo zinali zitayamba, nthaka ikumveka kugunda mpaka pamene tinakhala. Bambo anaika magalasi a amalume awo m'maso n'kuyamba kundifotokozera, monga ankachitira chaka chilichonse.

"Taonani gulu lija, zishango m'mwamba! Mkulu wa patsogoloyo mwendo ukadali wamphamvu. Mayi, mukuona mmene akupondera?"

Ndinawayang'ana. Magalasi anali ataloza kumsewu, kumene kunaima mabasi ndi amayi ogulitsa chimanga chootcha. Bwalo linali kudzanja lamanja. Zonse ankanenazo zinali za zaka zapita.

Ndinaimirira kumbuyo kwawo, n'kuwagwira mapewa, n'kuwatembenuza pang'onopang'ono kuti ayang'ane kubwalo. Anakhala choncho nthawi yaitali, magalasi ali m'maso, kenako anawatsitsira pamiyendo.

"Lolemba mundiperekeze," anatero.

Ndinali nditadikira mawu amenewo nthawi yaitali, koma sindinakondwe.

Adokotala anawaunika ndi katochi, diso ili, diso ilo. Ine ndinkayembekeza kuti anena za ng'ala, yoti amachotsa munthu n'kuonanso. Anati si ng'ala. Anati ndi matenda amene amapha mtsempha wa diso pang'onopang'ono, ndipo chafa chafa. Tikanabwera msanga, mankhwala odontheza akanasunga zambiri. Anatipatsabe mankhwalawo kuti ateteze kakuwala kotsalako. Pobwerera sindinawadzudzule bambo. Mawu onse ndinali nditawatha kale, ndipo mkwiyo umene ndinali nawo unalibe pokhala.

Magalasi sanawasiye. Ankawamasulabe mofufuza ndi zala, kuwapukuta, kuwabwezera m'chitini. Timisomali tikagwa pansi, wokwawa kufunafuna ndinali ine.

Chaka chotsatira anati tipitenso. Ndinawauza kuti tsopano tingofika pabwalo penipeni, amve bwino nyimbo, palibe angawanene. Anakana. Tinakwera chulu chomwecho, ndipo woyang'ana m'magalasi ndinali ine. Chitsulo chija n'cholemera, mikono inandiwawa mpaka m'khosi. Ndinkanena zimene ndikuona, iwo n'kumandikonza, chifukwa magulu ankawazindikira ndi nyimbo.

"Akuoneka bwino?" anafunsa.

"Akuoneka bwino, bambo. Ngakhale nthenga za kumutu."

"Ndiye kuti ndinawapukuta bwino."

Lamulungu tinapita kutchalitchi, dzanja lawo lili paphewa langa. Abusa anali pakhomo, ndipo mwachizolowezi anaseka n'kufunsa ngati akulu ampingo anakavina ku Mtenguleni.

"Sindinapiteko, abusa," bambo anayankha.

Tonse tinadikira mawu otsatira aja. Bambo anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenako anandifinya paphewa kuti tizilowa, ndipo ndinawauza kuti akweze mwendo, pali sitepe.