Kumene Belu la Malume Silifika

Malume anga a Ilarie anagontha chifukwa cha minda ya anthu ena. Ndikunena mosapsatira, chifukwa m'mudzi mwathu aliyense amangoti ndi ukalamba.

Anayamba kuliza belu la tchalitchi asanamere ndevu. Kwathu kuno, mitambo yakuda ikatulukira kumapiri mphesa zili pafupi kupsa, woliza belu amasiya chilichonse n'kuthamangira kunsanja. Anthu amakhulupirira kuti matalala sagwa pamene belu likumveka. Ine sindikhulupirira. Ndakhala ku Mangalande ndikunyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu, ndipo kumeneko ali ndi mawu akuti range, onena pamene chinthu chimalekezera: pamene netiweki ya foni imathera, mtunda umene galimoto ingayende mafuta asanathe. Chilichonse chili ndi polekezera pake, palibe amakwiya nazo. Koma kwathu belu likalekeza, wotukwanidwa amakhala munthu.

Munda wa malume uli kuseri kwa chitunda, kumene belu silimveka n'komwe. Moyo wawo wonse akhala akukoka chingwe kutchinjiriza mphesa za anzawo, zawo zikupunthidwa. Akazi awo, a Tudora, ankatola zogwazo okha, akulalata.

Chaka chatha matalala anasasantha munda wa a Zamfir, mwini vinyo wambiri m'mudzi muno. Munda wawowo uli kumalire, pafupi ndi mlatho. Lamlungu lotsatira, anthu atangotuluka m'tchalitchi, a Zamfir anaima pamakwerero.

"Mkono watha nkhalamba iyi," anatero. "Kale belu linkafika kumlatho. Tsiku lija ndinkangomva ngati kabelu ka m'khosi mwa mbuzi."

"Akuti chiyani?" malume anandifunsa.

"Akuti mwawaphera mphesa," ndinawakuwira kukhutu.

"Uwauze kuti mphepo inkachokera kumlathoko. Inkabweza mawu."

Sindinawauze zimenezo. Ndinati, "A Zamfir, matalala ndi madzi oundana, alibe makutu. Gulani ukonde muphimbe mphesa zanu."

"Tamumveni Mngelezi," a Zamfir anayankha. "Wabwera ndi nzeru za m'makatoni. Iwe Casian, bambo ako ankavula chipewa belu likalira."

Anthu anaseka, ngakhale amene malume anawalizira belu pa maliro a makolo awo. Kenako wansembe, osayang'ana malume kumaso, analengeza kuti a Zamfir apereka makina amagetsi oliza belu mwamphamvu, ongodina ndi chala. Palibe amene anati zikomo kwa malume. Anangowapatsa botolo la vinyo, wa a Zamfir omwewo.

Chingwe atachimasula, malume anachikulunga n'kupita nacho kunyumba. A Tudora atafuna kumangira ng'ombe, malume anawalanda n'kuchipachika pamsomali kuchipinda. Ine ndinalongedza chikwama kuti ndibwerere ku Mangalande. Chikwamacho chikadali pakhomo, ndimapunthwa nacho m'mawa uliwonse.

Chaka chino ndinagula ukonde, tinauyala pamwamba pa mipesa yawo. Masana ena mitambo ija inatulukira, ife tili kumundako. Aka kanali koyamba kuti malume aone matalala akubwera ali m'munda mwawo. Sanayang'ane mipesa. Anatembenukira kuchitunda, manja awo akukwera ndi kutsika, akukoka mphepo.

"Casian, likulira?"

Ndinatchera khutu. Mphepo yokhayokha.

"Kuno silifika, malume. Tiyeni tikabisale."

"Ndikudziwa kuti silifika, mwana iwe. Ndikufunsa ngati likulira. Kumunsiko kuli minda ya anthu."

Ndinafuna kuwauza kuti anthu akewo ndi amene anawaseka pamakwerero paja. Koma anali akundiyang'ana pakamwa, kudikira yankho, manja osaleka. Ndinavala chidebe kumutu n'kuyamba kukwera chitunda, matalala akugogoda, ndikutukwana a Zamfir ndi mudzi wonse, kupita kukawamverera malume belu lawo.