Chala Chovina cha Bambo Mailosi

Bambo Mailosi Zulu anachoka ku Katete, m'dziko la Zambia, kubwera kuno Harare akadali Salisbury, ndipo ankasoka matumba pa fakitale ina ku Graniteside. Ife oyandikana nawo ku Epworth tinkawadziwa ndi zinthu ziwiri: chipewa chawo cha khonde, ndi Sitandade 3 yawo ya kumishoni, yomwe ankaitchula ngati digiri.

Kumishoniko masamu anawakana, koma kuimba kunawalowa m'magazi. Mphunzitsi wawo, wa chikwapu chosapuma, anawakhomerera lamulo limodzi: nyimbo ya dziko saivina. Umavula chipewa, manja m'mbali, n'kuuma ngati mtengo. Ndale za bambo Mailosi zinayambira pomwepo n'kuthera pomwepo. Kwa iwo dziko unkalikonda utaima njo, zinazo ankati ndi phokoso la anthu osapita kusukulu.

Ufulu utabwera, chipani chinayamba kuchititsa misonkhano pabwalo lathu Lamlungu lililonse. Akazi awo, mayi Annet, anawachenjeza kuti mlendo sajomba msonkhano. Malo amene anamangapo nyumba anangopatsidwa pakamwa, ndipo anthu ankanong'ona kale kuti a ku Zambia ndi ku Malawi nkhondo ya ufulu anaionera pawindo.

Anapitadi. Nyimbo ya nkhondo ya ufulu itayamba, bwalo lonse linatekeseka, fumbi koboo, zibakera m'mwamba. Bambo Mailosi anavula chipewa n'kuuma gwa pakati penipeni pa ovinawo. Ine ndinachita mantha. Anyamata a chipani anawazungulira, wina n'kutchula mawu oopsa aja akuti mutengesi, munthu wogulitsa anzake. Masiku amenewo ukatchedwa choncho, unkagona utalongedza katundu.

Wapampando wa msonkhano, mayi Iris, anaimitsa nyimbo n'kuwafunsa m'Chishona ngati nyimbo ya ufulu ikuwanyansa.

"Mayi," anayankha bambowo, Chishona chawo chikutsimphina, "moyo wanga wonse ndakhala ndikuuma chonchi pa nyimbo ya mfumu ya azungu, ya dziko limene sindinalionepo n'komwe. Lero yabwera ya dziko limene ndakalambiramo, ndiye ndiichepetse poivina?"

Mayi Iris nawonso anadutsa m'manja mwa amishoni, choncho anaseka mpaka kupukuta misozi. Analamula anyamatawo kuti awasiye sekuru, agogowo, aume mmene akufunira. Za nyumba palibe anazitchulanso.

Kuyambira tsikulo sanajombepo msonkhano, komanso sanavinepo. Ife ovina ankatiyang'ana mwachisoni ngati ana olephera mayeso, ndipo pobwerera ankatilalikira kuti dziko lofuna kupita patsogolo liyambe laphunzira kuima.

Chinsinsi anaulula ndi mayi Annet pamaliro a amuna awo, potionetsa nsapato zawo za Lamlungu. Yakumanzere inali bwinobwino. Yakumanja inali itabooka pamwamba pa chala chachikulu, poti m'katimo chalacho chinkavina msonkhano uliwonse. Tinaseka pamaliro pomwepo, kenako ine ndinalira.