Mapilitsi a Fanuel

Fanuel anabwera ku Mavwere kuchokera ku Phalombe ali mnyamata, kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, ndipo imvi zinamumerera pompo. Ine nyumba yanga inali yoyandikana ndi yake. Mosapsatira mawu, munthu ameneyu anali ndi matenda awiri: zilonda za m'mimba, ndi kulephera kudya kanthu yekha. Ngakhale chimanga chimodzi chowotcha ankachithyola pakati.

Zilondazo zinamuyamba kalekale. Ankayenda ndi soda wa therere m'thumba, kumanyambita akamasoka fodya m'chigafa. Kapitawo anali atamuchenjeza kuti akadzangogonanso nthawi yowokera, mundawo apatsa wina. Tenanti alibe pake, nyumba imapitira limodzi ndi munda.

Kuchipatala anamuyeza n'kumupeza ndi kachilombo koyambitsa zilonda za m'mimba. Dokotala anamufotokozera kuti kachilomboka kali m'mimba mwa anthu ambirimbiri ndipo a banja limodzi amapatsirana, koma kali ndi mitundu ngati mbewu ya chimanga. Kena chibadwa chake n'chofatsa, munthu amakalamba nako osadziwa. Kena n'kolusa, kamanyeketsa m'mimba, ndipo kake kayenera kuti kanali kotero. Anamupatsa mapilitsi n'kumuuza kuti amwe mpaka athe.

Pa zonsezo Fanuel anatolapo mawu amodzi okha, akuti amapatsirana. Atafika kunyumba anakhuthulira mapilitsi pamphasa n'kuwagawa milu iwiri, wina wake, wina wa mkazi wake Esitere, amene chibadwire sanadandaulepo za m'mimba. Ndinamukalipira kuti mankhwala si ndiwo.

"Achimwene," anatero, "ine ndichire, mayiwa kachilombo kaziwadya? Ndadya nawo mbale imodzi moyo wanga wonse."

Esitere anakana, koma Fanuel anati ngati ndi choncho nayenso samwa. Mayiyo analandira mulu wake.

Ululu unalekadi, moti nazale anathirira akuimba nyimbo za kwaya. Koma mvula itagwa, tili pakati powokera, anagwa pamzere akusanza magazi. Kuchipatala anati kachilombo sikanafe chifukwa mankhwala anali operewera. Anagona kumeneko mpaka fodya wathu anafika m'mawondo.

Atatuluka anapeza m'nyumba mwake muli banja lina lochokera ku Dedza, katundu wake ali pakhonde panga. Ku Phalombe kulibe chomudikira, munda wa mayi ake anagawana alongo ake. Pano amagona m'khitchini mwanga, wawonda ngati phesi, ndipo khasu sangalinyamule. Zimandiwawa, koma ndikalipire ndani?

Tsiku lina m'mawa Esitere ananditsatira kudimba. Anamasula mfundo ya chitenje n'kundionetsa mapilitsi atasungunuka ndi thukuta.

"Sindinamwe ngakhale limodzi," anatero. "Ndinkasunga kuti ndiwabwezere awo akatha. Koma atayamba kuimba ndinaona ngati achira."