Mfundo ya Pamimba pa Pegi

Fungo la nyama yoyamba kuvunda likandipeza, kaya ndi pamsika kaya ndi pati, ndimaima pomwepo mpaka lero. Ndine nkhalamba yosekaseka ine, ee, zidzukulu zanga zimadziwa, koma fungo limenelo limandibwezera ku Balaka, chilimwe chija nyenje zinkalira osapuma, nthaka ikuotcha mapazi, utsi wa sitima uli tolo kuseri kwa milambe.

Ababa anali khukhi wa mzungu wogula thonje. Tinkakhala m'kanyumba ka kuseri kwa khitchini, iwo, amayi, ine ndi khanda lathu. Mzunguyo analibe mkazi, analibe mwana, anali ndi galu wamkazi dzina lake Pegi, wamakutu ogwa, wofiira ngati katondo. Ababa, Msilamu wosaphonya swala, ankamuphikira galuyo, koma kumukhudza iyayi. Mnzake wa Pegi ndinali ine, kamtsikana kongoyamba kugweluka mano.

Tsiku lina kunabwera dokotala wa ziweto wa ku Zomba. Anamugoneka Pegi patebulo pakhonde, anamununkhiza kansalu, galu uja kuti zii. Anang'amba pamimba, anachotsa chiberekero, anasoka ndi ulusi wakuda ngati akusoka thumba la thonje, n'kumanga bandeji. Amayi anagwira pakamwa. "Kumutseka mimba galu? Walakwanji?" Mawa lake bwana ananyamuka kukagawa mbewu ku Ulongwe ndi kwa Kalembo, masabata awiri. Anasiya botolo la mankhwala ofiirira ndi mawu awa: bandeji isachoke, ndipo galu akafa, tilongedze. Tilongedze kupita kuti? Munda wa amayi kumudzi anali atalima ena.

Tsono uchitsiru wanga ndi uwu. Pegi ankalira, ankadzikanda, bandeji ikumuyabwa m'kutentha konse kuja. Ndipo tonse tinkadziwa, ana ndi akulu omwe, kuti lilime la galu limapoletsa bala. Agalu akumudzi tinkawaona akulumana, akunyambita, akupola. Lachisanu masana, ababa ali kumzikiti, ndinamasula bandeji ija. Ndinamasula ndikuimba, ine! Pegi ananyambita, ananyambita, ananyambita, kenaka ulusi anayamba kuusolola ndi mano. Nditaona magazi ndinamanganso msangamsanga, mfundo yanga yomangira nkhuni, yopotoka kawiri.

Patapita masiku atatu fungo linayamba. Mimba inatupa, yotentha ngati mwala wa padzuwa. Pegi anakana chakudya, anagona pansi pa mtengo wa mango, ntchentche zobiriwira zikumuzungulira. Ababa anatukula bandeji ndi kamtengo. Bala linali litayasama, mafinya achikasu akuchucha, m'mbali mwake mphutsi zikuyendayenda. Anayang'ana bala. Anayang'ana mfundo ija nthawi yaitali. Ine sanandiyang'ane.

Anapinda manja a mkanjo wawo. "Patuma, gwira mutu. Make Patuma, madzi otentha ndi mchere." Ndipo ababa, ababa anga aja, anagwada pafumbi n'kumugwira galu ndi manja awo. Mphutsi anazichotsa ndi nthenga ya nkhuku, imodzi imodzi. Anafinya, anatsuka, anathira mankhwala ofiirira. Pegi ankakuwa, ankawanyambita dzanja, malovu ali ponseponse. Atatha anapita kuseri kukasamba m'manja kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, monga chipembedzo chimanenera. M'mawa choncho, madzulo choncho, tsiku ndi tsiku, mpaka manja anasweka, anasanduka ofiirira.

Anatenganso dengu lakale, analiboola pansi, anamuveka Pegi m'khosi kuti pakamwa pasafike pamimba. Galu wa mzungu, mutu uli m'dengu ngati nkhuku yopita kumsika! Lero ndimaseka mpaka misozi, koma nthawi imeneyo panalibe woseka. Dzuwa likatuluka ndinkathamanga kukaona ngati nthiti zake zikugwedezeka. Galimoto ikalira kumsewu, ndinkathamangira kukasuzumira ngati ndi bwana. Ndinkafuna kuulula, koma ndinkaopa. Anzawo a ababa akumzikiti ankaima patali atagwira mphuno. "Che Saidi, mwasanduka namwino wa agalu?" Ababa ankangoti, "Nachonso n'cholengedwa," n'kupitiriza kutsuka.

Tsiku lina Pegi anadzutsa mutu, anamwa madzi a mpunga. Fungo linayamba kuchepa, bala linauma m'mbali, pakati panamera mnofu wofiira bwino. Bwana atabwera anapeza dengu m'khosi, ulusi palibe, bala lokhota lisanatseke lonse. Nkhope inafiira psuu. "Ndani anamasula?" Ine ndinali kuseri kwa amayi, nditagwira nsalu yawo. Ababa anavula chisoti. "Ndine, bwana. Kunatentha." Anawatukwana pamaso pathu, anawatukwana mpaka mawu anasasa, ababa maso ali pansi. Koma Pegi ankagwedeza mchira, ndipo sitinalongedze.

Ine ndinkati ndapulumuka chifukwa ababa sanadziwe. Ndinakula nazo choncho, ndinakwatiwa nazo, ndinawaika m'manda nazo. Tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinapeza mtolo wa nkhuni pabwalo, palibe munthu, koma nditangoona mfundo yake ndinadziwa kuti wamanga ndi mwana wanga wachisamba, ngati ndaona nkhope yake. Ndinakhala pansi pomwepo, khasu lili m'manja. Amene anandiphunzitsa kupotoza chingwe kawiri anali ababa.