Phazi langa pa sikelo ya atate

Ndine ndinanenepetsa atate. Nesi wa kampani ya inshuwalansi ya moyo atabwera kudzawapima, anawakweza pa sikelo n'kuwerama kuti awerenge. Ine ndinali kumbuyo nditawanyamulira jekete, ndipo phazi langa linapondako pang'ono.

"Abambo, thupi ili lachuluka," anatero nesi. "Mulowa m'gulu lolipira zambiri pamwezi."

Ndinakasekera kuseri kwa nyumba mpaka misozi. Madzulo atate analamula kuti nyama, shuga ndi mafuta ophikira zisalowenso m'nyumba mpaka adzapimidwenso.

Anthuni, ndikufa ndi masamba owiritsa! Siketi yanga ya kusukulu ikuvuka yokha, koma atate sanachepe olo pang'ono. Kuulula sindingathe, angandilande foni. Panopa, pokonzekera tsiku loti atate adzapimidwenso, ndikuyeserera pa mlongo wanga kunyamula munthu ndi lamba iye osazindikira.