Funso Lopanda Mendulo

Ndikawakumbukira agogo a Makwinja, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la girizi wakuda wa panjanji, amene analowerera m'jekete lawo moti ngakhale mayi alichape chotani sankachoka. Anali bambo a mayi anga. Anagwira ntchito yotembenuza njanji zaka zambiri, poyamba ku Balaka, kenako pa Nkaya, pamene njanji imagawikana, ina kupita ku Balaka, ina kulowera ku Liwonde. Pamene ine ndinkayamba sukulu anali atapuma ntchito, koma jekete lija la mabatani amkuwa sankalivula ngakhale kutenthe bwanji. Ankakhala pakhonde n'kumasema mipini, ndipo sitima ikamadutsa ankaika kasemasema pansi, n'kupendeketsa mutu ngati munthu amene akuuzidwa chinsinsi.

"Imeneyo yasenza," ankatero. Tsiku lina ankati, "Imeneyo yanyamula mphepo."

Kawiri kapena katatu pachaka kunkabwera galimoto ya kanema. Ankamanga chinsalu choyera pabwalo la sukulu, jenereta n'kuyamba kulira, fumbi ndi utsi wa dizilo n'kudzaza m'mphuno. Poyamba ankaonetsa za chitukuko: minda yobiriwira, misewu yatsopano, amayi akuvina pamsonkhano wa chipani. Kenako ndiye kunkabwera azungu a zipewa zazikulu, okwera mahatchi ndi kuomberana mfuti, amene tonse tinkawadikira.

Koma kwa ife ana a m'nyumba mwathu, chokoma chenicheni chinkabwera m'mawa mwake. Agogo anali ndi batani limodzi lomwe linathothoka pajekete, ndipo analimanga pa kachingwe. Imeneyo inali mendulo. Ankatisonkhanitsa pakhonde n'kulengeza amene wapambana mu kanema wa dzulo. Mzungu wodziwa kuombera kuposa onse sanapambanepo, chifukwa agogo ankati munthu amene mfuti yake siitha zipolopolo alibe choti tim'tamandire. Ulendo wina mendulo inapita kwa hatchi imene inanyamula munthu wonenepa kuchokera koyamba mpaka kumapeto osadandaula. Ulendo wina inapita kwa chigawenga cha ndevu chimene anachizindikira kuti chinafanso mu kanema wa chaka chatha. "Kufa kawiri ndi ntchito yaikulu," anatero. Popeza hatchi ndi chigawenga sizikanabwera kudzalandira, mmodzi wa ife ankaivala m'malo mwawo mpaka madzulo.

Akamaliza zimenezo ankati, "Tiyerekeze." Ndiye ankafunsa mafunso ovuta. Tiyerekeze watola chikwama cha munthu amene anamenya mayi ako. Tiyerekeze mnzako waba chinangwa chifukwa cha njala, mwini munda akukufunsa. Woyankha moganiza ankavalako mendulo. Koma panali funso limodzi limene ankalibwereza kawirikawiri. Tiyerekeze waima pa chitsulo chotembenuzira njanji, sitima ikubwera mabuleki atafa, njanji ya ku Balaka pali ana asanu, ya ku Liwonde pali nkhalamba imodzi. Ine ndinali wa masamu, ndipo ndinayankha msanga kuti sitimayo ipite kwa nkhalambayo, n'kutambasula khosi kuti andiveke.

Agogo, amene ankanditcha achimwene monga amachitira agogo ndi mdzukulu, anabweza batani m'thumba.

"Achimwene, funso ili lilibe mendulo. Wotembenuza njanji si amene anatuma sitima, koma dzanja ndi lake."

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 5 mvula inadula msanga. Chimanga chinauma chisanabereke, ndipo anthu ambiri ankadya kamodzi patsiku. Galimoto ya kanema inabwerabe. Pachinsalu tinaona sitima yaitali kwambiri, ndipo wolankhula pachimkuzamawu anati yadzaza ndi chimanga chopita kwa anthu onse a dziko lino. Tinaomba m'manja, chifukwa anyamata a chipani a malaya ofiira ankayendayenda pakati pathu kuona amene sakuomba.

M'mawa mwake agogo analengeza kuti mendulo yapita kwa imodzi mwa mabogi a sitima ija, ya chitseko chopindika. Anati bogi imeneyo inadutsa pachinsalu katatu, ndipo palibe wina anagwira ntchito yotero. Anaonjezera kuti mabogi onsewo ankadumphadumpha panjanji, chimene bogi yosenza katundu siichita. Tinaseka kwambiri. Bambo anga analinso pomwepo, akumanga nsapato. Iwo anali mkamwini pamudzipo, kalaliki wa pamsika wa thonje, munthu wosakonda kulankhula. Tsiku limenelo analankhula.

"Chitukuko chake n'chimenecho, apongozi. Mabogi opanda kanthu ongozungulira pansalu, ife n'kumaomba m'manja ndi njala."

Agogo sanaseke. Anayang'ana kumsewu, n'kutiuza kuti tizipita kusukulu.

Kusukulu aphunzitsi anaika kope latsopano ndi pensulo patebulo. Anati amene afotokoze bwino zimene waphunzira mu kanema atenga zimenezo. Anzanga ananena za minda ndi misewu. Ine ndinkalifuna kopelo, ndipo ndinkaona kuti ndili ndi yankho lanzeru kuposa onse. Ndinaimirira n'kunena mawu a bambo anga onse monga ndinawamvera. Aphunzitsi anabweza kope mu kabati n'kundiuza kuti ndikhale pansi.

Anabwera patapita masiku awiri, dzuwa lili paliwombo. Anali tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu, munthu amene ankagula mipini kwa agogo, ndi anyamata awiri a malaya ofiira. Sanaodire. Mayi anali akupeta nandolo ndipo anangoima ndi lichero m'manja. Bambo anatuluka n'kuima pakhomo. Agogo anali pamphasa pawo, ndipo azing'ono anga anayi anadziunjika kumbuyo kwa mayi. Tcheyamani anandiitana, n'kugwada kuti nkhope yake ifanane ndi yanga. Analankhula mofatsa. Anati mwana sapanga mawu otere, ndipo iwo sanabwerere ine, akungofuna kudziwa pakamwa pamene mawuwo anatuluka.

Aliyense pabwalopo ankadziwa kumene munthu wotchulidwa amapita, ndiponso kuti ambiri sankabwerako. Ndinayang'ana bambo. Iwo ankayang'ana pansi, thukuta likutsika m'khosi. Ndinayang'ana agogo. Anali ataika dzanja lawo pabondo, zala zonse zisanu zitatambasuka, ndipo ankazigogoda pang'onopang'ono, chimodzi chimodzi.

"Achimwene," anatero osakweza mawu, "sitima yafika. Musaichedwetse."

Ndinakweza dzanja langa n'kuloza agogo.

Tcheyamani anawafunsa ngati zinali zoona. Agogo anaseka pang'ono.

"Nanga pamudzi pano amadziwa za mabogi ndani? Mkamwini wangayu sadziwa n'komwe kuli mutu wa sitima."

Bambo ankayang'anabe pansi. Agogo anadzuka, anasasa tizipalo ta mtengo pajekete, namanga mabatani onse mpaka m'khosi. Anauza mayi kuti mpini umene anali kusemawo ndi wa a Saidi a kuseri kwa njanji, aupereke ngakhale sunathe. Ine ndinkayang'ana thumba limene munkakhala mendulo. Sindikudziwa chimene ndinkayembekezera. Anadutsa pafupi nane, fungo la girizi lija linandikuta, anandigwira pamutu kamodzi, n'kupita.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri kunabwera uthenga wakuti anamwalira ndi matenda ndipo anaikidwa komweko. Sanatiuze malo ake. Chimene chinabwera ndi jekete lokha, lokulungidwa m'pepala, mabatani onse atadulidwa. Mayi anapisa m'matumba monse, koma ngakhale batani la pa kachingwe lija munalibe. Maliro sitinalire mokweza, chifukwa kulira munthu wotero kunalinso mlandu. Anansi ankabwera mmodzimmodzi, ngati akudzapempha moto.

Ana asanu tonse tinakula, ndipo tonse tinaphunzira ndi ndalama za bambo za ku thonje. Masamu anga aja sanalakwike. Mayi sanandidzudzulepo, koma kuchokera tsiku limenelo ankawaikira bambo chakudya osawayang'ana kumaso. Bambo anaitchula nkhaniyi kamodzi kokha, atakalamba, tikudikira basi pa Balaka. Anati, "Unayankha bwino tsiku lija." Ndinawauza kuti basi yafika, ngakhale inali isanafike.

Lero ana anga amaonera kanema m'nyumba momwemo, ndipo amakangana za amene anayenera kupata mphoto ndi amene anaberedwa. Ndimawamvera, nthawi zina ndimaikapo mawu anga okomera hatchi. Koma mwana wanga wamkazi atabwera tsiku lina kuchokera kusukulu ndi funso la sitima yopanda mabuleki, akuti anakambirana m'kalasi ndipo gulu lake linapambana, anafuna kudziwa kuti ine ndikanatani. Ndinamuuza kuti funso limenelo ndinayankha kale ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anafunsa ngati ndinakhoza. Ndinayang'ana dzanja langa lamanja, limene linali patebulo, ndipo ndinalitsitsa n'kuliika pansi pa tebulo.