Malimu a njinga ya a Funsani

Chibwerereni kuchokera ku Malawi kumene adathawira nkhondo, a Funsani a ku Ntengo-Wambalame akhala akunyamulira alimi kachewere pa njinga. Njingayo ndi yachitsulo, yakuda, ya malimu okhuthala, ndipo inkasenza matumba awiri osadandaula. Mlimi akakumba, ankaitana a Funsani.

Chaka chatha mlamu wawo Laston, wokonza njinga pamsika wa Tsangano, adawaonetsa zida zochokera ku Tete: magiya, mabuleki ndi malimu opyapyala a njinga zampikisano.

"Alamu, mudzafera pachitunda mukukankha chingolo chanuchi," adaseka Laston. "Ndikuikireni izi muziuluka. Zakalezi ndikutayirani ndine."

A Funsani adavomera, poti wolankhulayo anali mlongo wa akazi awo.

Yopanda katundu, njingayo idaulukadi. Koma atamanga matumba awiri n'kuyamba kutsetsereka, limu lakumbuyo lidapindika, masipoko adathyoka, kachewere mbwee mumsewu monse.

Ali mkati motola, adamva belu. Anali Laston, atasenza matumba a mlimi amene a Funsani ankamunyamulira chaka ndi chaka. A Funsani adayang'ana njinga ya Laston pansi pa katunduyo ndipo adazindikira waya wofiira amene adamangira okha kalekale sipoko yothyoka.

"Alamu, si malimu anga awo?"

"Paja mudavomera kuti nditaye," adayankha Laston osatsika. "Ndiye ndidatola."

Masiku ano alimi akakumba amaitana Laston. A Funsani amamupatsabe moni pamaliro, koma dzanja amalisunga m'thumba.